Agogo akukana kubwerera kuchipatala, bala layamba, ana awo agawikana: tichite bwanji?

Mdzukulu wa ku Chinamwali

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa anamwino ndi ena odziwa kusamala okalamba. Agogo anga, obala mayi anga, ali ndi zaka 84. Sitiroko idawagwetsa miyezi itatu yapitayo, dzanja ndi mwendo wakumanja zidafa. Adagonekedwa milungu iwiri, pano tikuwasamala pakhomo. Mutu uli bwinobwino, amatizindikira tonse, kungoti mawu amatuluka mokoka.

Sabata ino taona kabala pamwamba pa matako, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la Fanta. Akamamwa madzi akutsokomola mpaka misozi, ndiye kudya kwachepa. Amalume amene ali ku Johannesburg akulamula pafoni kuti tibwerere nawo kuchipatala akawaike dripi ndi chubu chodyera. Agogo akukana, akuti atopa, tiwasiye pakhomo pawo. Kwinaku amayi aang'ono abwera ndi pepala lonena za nyumba, akufuna agogo adindepo chala "zinthu zisanavute". Balali tilisamale bwanji? Nanga pakati pa agogo ndi ana awo, womaliza kunena ndani?

Namwino wa m'wodi

Achemwali, ine nditenge za bala ndi kudya, zinazo ena ayankha.

Bala lotere limayambira mkati. Munthu akagona malo amodzi, mnofu umapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi, magazi sadutsa, mnofuwo umafa, ndipo maola ochepa chabe amakwanira. Ndiye musathamangire chopaka. Chochiza choyamba ndi kuchotsa thupi pamalopo. Muziwatembenuza maola awiri alionse, usiku womwe. Matani pepala pakhoma, mulembe nthawi, mbali imene agonera ndi dzina la wotembenuza, chifukwa pakhomo pa anthu ambiri aliyense amayesa kuti mnzake wachita kale. Popeza bala lili pamwamba pa matako, chagada asagone. Komanso musawagoneke chammbali penipeni mpaka fupa la m'chiuno kutsamira matiresi, mungayambitse bala lina. Apendekeke pang'ono, pilo kumsana, wina pakati pa maondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zikhale m'malere. Dzanja lakufalo ligone pa pilo, ndipo wina asawadzutse pokoka dzanja limenelo, phewa limaguluka.

Potembenuza mukhale awiri. Pindani chitenje cholimba, chikhale pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, aliyense agwire mbali yake, munyamule. Kukhwekhwereza kumasupula khungu la wokalamba ngati pepala lonyowa.

Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Yang'anani malo amene ada kuposa pozungulira, akunyezimira, atentha kapena alimba mukawakhudza. Chitani zimenezi m'mawa powasambitsa, zenera lotsegula: zidendene, akakolo, m'chiuno, zigongono, mapewa, nkhongo ndi makutu. Mukapeza malo otero musawatikite, mnofu wapansipo wavulala kale. Musathire sipiriti, phulusa kapena ufa wa m'makapisozi. Ndipo nkhata ija ambiri amapinda ndi nsalu kuti bala likhale pakati, itayeni. Imapanikiza m'mbali monse mwa bala n'kutseka magazi omwe tikuwafunawo.

Kutsuka: wiritsani theka la lita la madzi, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosadzaza phiri, azizire. Konzani atsopano tsiku lililonse. Sambani m'manja ndi sopo, valani magolovesi ngati alipo, tsukani bala mofatsa kuchokera pakati kupita kunja, umitsani khungu lozungulira mogunditsa osati mopukuta. Phimbani ndi gozi yopakidwa vaselini pang'ono kuti isamatirire, yowuma pamwamba. Sinthani kamodzi patsiku, kapena nthawi yomweyo mkodzo kapena chimbudzi zikafikapo. Mukaona mafinya, fungo, mnofu wakuda, bala likulowa pansi kapena thupi latentha, namwino alione tsiku lomwelo. Mnofu wakufa umafunika kuchotsedwa ndi wodziwa, ndipo za fungo amatha kupera mapiritsi a Flagyl n'kuwaza pabalapo. Izi aziyambitse iwo.

Makintoshi akhale pansi pa nsalu, asakhudze khungu. Nsaluyo ikhale yowongoka, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya. Pampasi kapena thewera musadikire kuti lidzaze.

Tsopano kutsokomolako, kumene kukundidetsa nkhawa kuposa bala. Sitiroko imafoola minofu yomezera, ndiye madzi ena akupita m'mapapo. Mapeto ake ndi chibayo, ndipo chibayo chotere ndi chimodzi mwa zimene zimatenga odwala sitiroko ambiri. Madzi enieni ndiwo ovuta kumeza koposa chifukwa amathamanga. Phala lolimbirako, yogati, nthochi yokanya, dzungu, mbatata yofewa ndi mapeyala zimatsika bwino. Thobwa musefe, ndipo likhale lokhuthala. Mpunga, mtedza wokazinga, buledi wouma ndi matemba aminga siyani kaye. Kuti bala lipole pamafunika chakudya chomanga thupi, choncho m'phala la mgaiwa kapena Likuni Phala thiranimo nsinjiro, dzira, mkaka kapena supuni ya mafuta. Pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, osati mbale yodzaza katatu.

Podya akhale tsonga, ali maso bwinobwino, chibwano chowerama pang'ono. Musawapendeketse mutu kumbuyo ngati mukumwetsa mwana mankhwala, mumatsegula njira ya mpweya. Supuni ikhale yaing'ono, chakudya chiziikidwa kumanzere kwa kamwa kumene kuli mphamvu. Yang'anani pakhosi muone kholingo likukwera n'kutsika musanapereke ina. Akamaliza, suzumirani m'tsaya lakumanja, chakudya chimabisala m'menemo iwo osadziwa. Akhalebe tsonga mphindi 30, kenako muwagoneke chammbali kuti bala lipume. M'kamwa muzitsuka kawiri patsiku ngakhale mano adatha, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndi timene timatsikira m'mapapo. Mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi akameza, imani.

Wa palliative care

Anamwino afotokoza bwino. Ine ntchito yanga ndi palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu osachizika, ndiye nditenge za amalume.

Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira ali ndi ufulu wokana chithandizo, ngakhale madokotala ndi ana ake onse ataona kuti akulakwitsa. Zaka 84 sizichotsa ufuluwo. Kuno kwathu amalume monga mwinimbumba mawu awo amalemera pa nkhani za banja, ndipo oti akutumiza ndalama amalemera kawiri. Koma pa thupi la agogo, mwini wake ndi agogo. Chubu sichiikidwa mwa munthu wozindikira amene wakana.

Funso lenileni ndi lakuti mutu ukugwiradi pa nkhani imeneyi? Ife timaona zinayi: akumvetsa zimene zanenedwa, akuzisunga kwa kanthawi, akutha kuyeza ubwino ndi kuipa kwake, ndipo akutha kuonetsa chimene asankha, kaya ndi mawu, kugwedeza mutu kapena kufinya dzanja. Apa samalani. Sitiroko yofoola kumanja imakhala yagunda ubongo wakumanzere, kumene kumachokera kulankhula. Ena mawu okha ndiwo amavuta nzeru zili bwino, ena amangoti "eya" pa chilichonse osamva funso. Yesani mafunso oti yankho mukulidziwa, ena a inde, ena a ayi. Kenako afunsidwe za chipatala m'mawa atapuma, ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira, ana awo atatuluka. Mubwerezenso tsiku lina. Yankho likakhala lomwelo, ndi lawo.

Komabe "ndatopa" musangomulandira n'kukhala pansi. Funsani kuti atopa ndi chiyani. Nthawi zambiri pansi pake pamakhala ululu umene sakuunena, kudzimbidwa kwa masiku, kusagona, manyazi osambitsidwa ndi adzukulu, mantha a m'wodi, kapena maganizo oti akukuvutitsani. Matenda a kukhumudwa amagwira ambiri pambuyo pa sitiroko ndipo ali ndi mankhwala. Zina mwa izi zikakonzedwa, ena amayambanso kudya.

Amalume muwauze chilungamo cha zinthu ziwirizi. Dripi si chakudya. Ndi madzi a mchere kapena a shuga, ndipo lita imodzi ya dripi wamba ya shuga imakhala ndi magalamu 50 a shuga basi, kapu ya phala ikuposa. Imathandiza munthu amene waperewera madzi mwadzidzidzi, monga potsegula m'mimba. Chubu chodyera chimalowa pamphuno mpaka m'mimba. Chimathandiza kwenikweni milungu yoyamba ya sitiroko pamene tikuyembekeza kuti kumeza kubwerera. Sichiletseratu chibayo chifukwa malovu ndi zobwerera kuchokera m'mimba zimalowabe m'mapapo, chimanyansa pakhosi, ndipo amene sakuchifuna amachizula. Zikatero anthu amayamba kumanga nkhalamba manja ndi chitenje, chinthu chimene mwana aliyense akachiona amalira.

Maganizo anga: musasankhe pakati pa kugonekedwa ndi kungokhala. Apempheni agogo alole kuonedwa kamodzi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Yambirani ku chipatala cha Matawale kapena mufunse za palliative care ku Zomba Central Hospital kapena St Luke's ku Malosa, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adziwe kuti pakhomopo pali wodwala wogona. Chisamalirochi si cha odwala khansa okha, boma lili ndi ndondomeko yake kuyambira 2014. Mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse m'jumbo. Ngati amamwa glibenclamide wa shuga pamene kudya kwachepa, shuga angatsike koopsa, mlingo uyenera kuonedwanso. A BP nawonso chimodzimodzi. Zimene agogo asankhe zilembedwe m'bukumo ndi dokotala kapena namwino, ndi tsiku lake. Amalume aonere pa vidiyo ya WhatsApp amve okha kuchokera kwa mayi awo. Munthu ali kutali amalamula dripi chifukwa ndi chokhacho angachite.

Tsiku lina akadzasokonezeka mwadzidzidzi, kuona anthu oti palibe, kubwebweta usiku, musathamangire kuti mutu wapita. Kawirikawiri chimakhala malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, mkodzo wotsekeka kapena shuga, ndipo zimachizika.

Wothandiza za malamulo

Amayi, pepala limenelo lisadindidwe mwa njira imeneyo, ngakhale amayi aang'ono atakhala ndi mtima wabwino.

Choyamba muliwerenge mudziwe kuti ndi chiyani. Kupereka nyumba lero ndi kwina, wilo ndi kwina. Akapereka lero, nyumba yachoka m'manja mwawo akadali moyo, ndipo okalamba ena amapezeka akugona m'khitchini ya pakhomo pawo pomwe. Wilo imagwira ntchito akamwalira, ndipo angathe kuisintha nthawi iliyonse mutu ukadali bwino.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asainire pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi nthawi yomweyo, mbonizo zisainirenso. Mboni zikhale anthu osapindula nayo, monga abusa, shehe kapena aphunzitsi apafupi. Chidindo cha chala chokha sichitsimikiza kuti munthu adamva zimene zalembedwa. Kwa munthu wa sitiroko amene mawu akuvuta, m'pofunika dokotala alembe tsiku lomwelo kuti nzeru zili bwino, pepalalo liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene agogo amamva, ndipo amene akupindula atuluke m'chipindamo. Zikapanda kutero khoti lingathe kulikana ponena kuti adakakamizidwa kapena sadamvetse, banja litawononga kale ndalama ndi ubale. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Wilo ikalembedwa isasungidwe ndi mwana mmodzi, ikhale kukhoti kapena kwa loya.

Fufuzaninso kuti nyumbayo ili pa malo otani, a lizi, a khonsolo kapena a mfumu, chifukwa njira zake zimasiyana, ndipo malo a makolo amakhudza mbumba yonse. Akamwalira opanda wilo, lamulo limaika patsogolo mwamuna kapena mkazi wa malemu, ana ndi amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende.

Zina ziwiri. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula kulemekeza ndi kuthandiza okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera la anthu achikulire. Kumana nkhalamba chakudya, kuitsekera kapena kuidyera ndalama zake, kaya za penshoni kaya za Mtukula Pakhomo, ndi nkhanza zoti mukanene ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Ndipo mutu ukadzayamba kusokonezeka n'kumayankhula zachilendo usiku, wina asayerekeze kunena kuti akuulula za ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mdzukulu wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse, pepala lotembenuzira tamata kale. Funso lina. Usiku amabuula, Panado sakuthandiza, ndipo tinkawapatsa Indocid wogula pagolosale. Anthu akutiopseza kuti tikalola morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu aja, ndiye kuti tawapha tokha. Nzoona? Ndipo nthawi ikamayandikira tidzadziwa bwanji?

Wa palliative care

Indocid musiye lero, Brufen ndi diclofenac yemwe. Kwa munthu wa zaka 84 amene akudya pang'ono ndi kumwa madzi ochepa, amenewa amaboola m'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP. Panado amagwira bwino akamamwedwa pa nthawi yake, maola 6 alionse, osati podikira kubuula. Ngati thupi latha kufika pansi pa makilogalamu 50, mlingo wake umachepetsedwa, afunseni anamwino. Musanaganize za mankhwala amphamvu, pezani pamene pakupweteka. Gwirani phewa lakufalo, pindani bondo pang'onopang'ono muyang'ane nkhope, khudzani pansi pa mchombo ngati patupa ndi mkodzo, werengani masiku amene sanachite chimbudzi. Kubuula kwina kumatha ndi pilo.

Morphine woperekedwa pa mlingo wake sapha. Mbiri yoipa adaitenga chifukwa anthu amamupereka mochedwa, tsiku lomaliza, ndiye munthu akamwalira amati ndi mankhwala. Kuno amapezeka wamadzi, ndipo kwa okalamba timayamba ndi pang'ono kwambiri, kawirikawiri mamiligalamu 2.5 maola anayi alionse, kapena motalikirapo ngati impso zafooka, n'kumakweza poona ululu. Mabotolo ake amasiyana mphamvu, wina amaposa mnzake kakhumi, choncho muyeze ndi sirinji imene akupatsani, osati supuni ya tiyi, ndipo musasinthe mlingo panokha. Masiku awiri atatu oyamba amagona kwambiri ndipo ena amachita nseru, zimatha. Kudzimbidwa ndiko sikutha, ndiye mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl aziyambira limodzi, papaya wakupsa osasowa. Akavuta kudzutsa, kupuma kwachepa kwambiri kapena thupi likudzidzimuka, musapereke wina, itanani achipatala. Botolo likhale lokiyidwa kutali ndi ana.

Malire ake ali apa: kuthetsa ululu n'kololedwa, kulemekeza wodwala amene wakana chubu n'kololedwa, koma kumupatsa chinthu n'cholinga choti afe msanga ndi mlandu m'Malawi muno ngakhale atapempha yekha.

Sindikunena kuti agogo afika pamenepo, ena amakhala miyezi ndi zaka. Koma nthawi ikayandikira mudzaona akugona pafupifupi tsiku lonse, chakudya ndi madzi sakuzifunanso, mkodzo wachepa n'kuda ngati tiyi, mapazi ndi manja zikuzizira. Kupuma kumasintha, kumathamanga, kuima kwa kanthawi, n'kuyambanso. Pakhosi pamamveka kukhuluza chifukwa malovu sakumezedwa. Zimawawa omvera kuposa mwini wake. Agonekeni chammbali, mutu wokwera pang'ono, malovu atuluke okha. Apa musakakamize phala. Thupi likusiya kudya chifukwa likutha, si njala imene ikuwatha, ndipo supuni yokakamiza imapita m'mapapo. Dripi panthawiyi imangowonjezera madzi m'chifuwa ndi kutupitsa miyendo. Nyowetsani kansalu koyera m'madzi, muzipaka pamilomo ndi lilime theka la ola lililonse, vaselini pamilomo. Kutembenuza kuchepe ngati kukuwapweteka, bola akhale pouma. Morphine musasiye, madontho ake amatha kuikidwa m'tsaya, namwino akuonetsani.

Yankhulani nawo monga akumva, ndipo nkhani ya nyumba isakambidwe m'chipindamo. Afunseni panopa akadali ndi mawu kuti akufuna ndani adzakhale pafupi, abusa kapena shehe abwere liti, ndipo akufuna kukagona kuti, kumudzi kapena m'tauni muno. Amalume muwauze msanga zizindikiro zikangoyamba, basi yochokera ku Johannesburg imatenga masiku awiri panjira. Akamwalirira pakhomo, dziwitsani amfumu kuti alembe kalata imene mudzapite nayo ku ofesi ya NRB kwa DC pokatenga chiphaso cha imfa, ndipo morphine wotsala mubweze kuchipatala kumene mudamutenga.